Purple Rain: nyimbo zake timazidziwa, nanga nkhani ya m'filimumo?

Nachisale wa ku Leeds:
Abale, amene munaonerapo Purple Rain ya Prince bwerani mundithandize. Nyimbo zake ndakhala ndikuzimva kuyambira ndili mtsikana, koma filimu yeniyeniyo ndaionera sabata ino. Pa nyimbo ndilibe mawu, munthuyo ankadziwa ntchito yake. Chandivuta ndi nkhaniyo. Mnyamata uja amamutchula The Kid, amene akusewera ndi Prince mwiniwake, amamenya chibwenzi chake Apollonia mbama, amanyoza atsikana awiri a m'bandi yake yomwe, amachita mwano kwa aliyense. Kenako akwera pasiteji, aimba nyimbo imodzi yaitali, anthu onse misozi mbwembwembwe, Apollonia uyo wabwerera, filimu yatha. Nanga kupepesa kunachitikira pati? Kapena pali pamene ndinaphethira?

Mnyamata wa ku Joni:
Anti, filimu imeneyo sitionera nkhani ayi, timaonera gitala kkkk. Ine ndimangothamangitsa mpaka pomwe akuimba.

Nachisale wa ku Leeds:
Ndiye bwanji osangomvera chimbale, mwana iwe? Iwowo anasankha kupanga filimu, ndiye tiiweruze ngati filimu.

Madala a ku Zomba:
Mwandikumbutsa kale, mayi. Filimu imeneyi inatuluka ku America mu July 1984, koma ambiri a ife kuno tinadzaionera patapita zaka. Musaiwale kuti kunalibe wailesi ya kanema, TVM inadzayamba mu 1999. Ife tinkaonera m'tinyumba ta vidiyo, mabenchi a matabwa, chinsalu chakuda pakhomo, mwana woitanira anthu panja. Tepi yake inali yojambulidwa kuchokera ku tepi inzake, moti utoto wa pepo uja unkaoneka ngati wotuwa, ndipo pa nyimbo yomaliza chithunzi chinkanjenjemera chifukwa ndi pomwe mwini wake ankabwezabweza anthu akakuwa. Ndikuuzeni zoona, ife za mbama sitinazilabadire n'komwe. Chimene chinatizunguza mutu ndi mwamunayo. Tinakulira m'dziko lomwe tsitsi lalitali kwa mwamuna unali mlandu, akazi osaloledwa kuvala thalauzi. Ndiye taganizani, pakanema pakubwera kamwamuna kakafupi, tsitsi lopotanapotana, malaya a mizeremizere pachifuwa, nsapato za gogoda, m'maso mopaka, koma atsikana akukomoka naye. Anyamata m'benchimo tinkasekaseka poyamba. Atangogwira gitala, kuseka konse kunatha.

Gitala wa ku Chilomoni:
Madala mwanena zoona, ndipo pali chifukwa chimene mbali zoimba zimamvekera zamoyo kuposa zina zonse. Nyimbo ya Purple Rain imene mumaimva pachimbale sinajambulidwire mu situdiyo. Inajambulidwa pamaso pa anthu pa 3 August 1983, m'kalabu ya First Avenue ku Minneapolis, yomwe ija mukuiona m'filimumo. Linali phwando lopezera ndalama gulu lovina la Minnesota Dance Theatre. Panja anaimikapo galimoto yokhala ndi zipangizo zojambulira, mawaya n'kulowa m'kati. Anthu amene analipo usiku umenewo nyimboyo anali asanaimvepo, n'chifukwa chake poyambirira simumva aliyense akukuwa. Ndipo amene akuyamba nyimboyo ndi gitala si Prince, ndi Wendy Melvoin, ali ndi zaka 19, ndipo limeneli linali tsiku lake loyamba kuimba pagulu ndi bandiyo. Tsiku loyamba, abale! Ine tsiku langa loyamba pasiteji zala zinkachita kuterera ndi thukuta. Usiku umenewo nyimboyo inatenga mphindi pafupifupi 13, kenako Prince anadula vesi imodzi ndi zina n'kutsala mphindi 8 ndi masekondi 41, n'kuwonjezeramo mavayolini. I Would Die 4 U ndi Baby I'm a Star nazonso zinachokera pa phwando lomwelo. Ndiye mukamaonera kumapeto kwa filimu, makutu anu akumva usiku weniweni, pamene maso akuona sewero. Kusiyana kumeneko thupi limakumva ngakhale mutu usadziwe.

Nangozo:
Achimwene a Gitala, zonsezo n'zokoma, koma funso la anti simunaliyankhe. Ine ndiwonjezere china. Pali pamene mkazi wina akumulalatira Morris Day, woimba wa The Time, bandi yopikisana ndi ya The Kid, pamsewu chifukwa sanabwere pomwe anapangana. Morris angoyang'ana womuthandiza wake Jerome, Jerome anyamula mkaziyo n'kumuponya m'bini ya zinyalala, n'kutseka chivundikiro. Ndipo anaijambula kuti anthu aseke. Si kuti filimuyo ikutionetsa kuipa kwa Morris ayi, ikufuna tisekere limodzi naye. Mbama ya The Kid mwina munganene kuti ndi nkhani ya nkhanza yomwe akuifotokoza. Nanga za bini zija akufotokoza chiyani?

Wa ku Chipata:
Apo ndiye palibe chowiringula, mlongo. Koma tivomerezane kuti Morris Day ndi Jerome ndi amene ananyamula filimuyo pomwe palibe kuimba. Jerome kubweretsa galasi pasiteji kuti bwana adziyang'anire tsitsi pakati pa nyimbo! Prince akamalankhula amachita ngati akuopa mawu ake omwe. Morris akangolowa, chipinda chimadzuka.

Mphunzitsi wa ku Kasungu:
Ndiloleni ndiyese kuyankha mayi Nachisale, chifukwa ndikuona kuti tikuyang'ana pa Apollonia pomwe filimuyo mtima wake uli kwina. Kwa ine iyi ndi nkhani ya mwana ndi bambo ake, chikondicho anangochimatapo.

Taonani mmene anaikonzera. Bambo, amene Clarence Williams III anasewera, ndi woimba piyano amene zinamukanika. Mwini kalabu amamuuza The Kid maso ndi maso kuti akutsata mapazi a bambo ake, kuti nyimbo zake palibe akuzimvetsa koma iye yekha. Kunyumba bambo amamenya mayi, mwana akalowelera naye amalandira yake. Tsiku lina mwana alowa m'nyumba ali wolusa, akufuna bambo ake, n'kuwapeza m'chipinda chapansi akuimba piyano mwakachetechete, nyimbo yokoma kwambiri. Ukali uja uzizira. Awafunsa ngati nyimbozo anazilemba penapake, bambo ayankha monyada kuti iwo salemba, zonse zili m'mutu, ndipo mpamene asiyanirana ndi mwanayo. Patsogolo bambo adziwombera ndi mfuti. Apolisi atapita, mwana atsala yekha m'chipinda chija, aona choko pansi pomwe panagona bambo ake, mutu usokonekera, ayamba kuphwanya chilichonse. Ndipo m'kuphwanya muja ndi momwe atulukira bokosi lodzaza mapepala. Nyimbo za bambo ake, zolembedwa bwinobwino ndi dzanja, dzina lili pamwamba. Munthu ankanama. Ankalemba, n'kumabisa, osafuna wina aliyense azione kapena kuzikhudza.

Apa mpamene mwanayo azindikira kuti matenda a bambo ake si manja okha ayi, ndi kudzitsekera. Ndipo iye ali nawo omwewo. Wendy ndi Lisa, atsikana awiri a m'bandi yake aja, akhala akumupatsa kaseti ya nyimbo yawo kuyambira poyamba, iye osafuna n'kuimva komwe mpaka kumapeto, kumawayankha kudzera m'kachidole. M'mawa mwake ayika kaseti ija, akhala pa piyano ya bambo ake n'kuyamba kuitsatira. Usiku pasiteji anena pamaso pa anthu kuti nyimboyi analemba ndi atsikana a m'bandi, n'kuipereka kwa bambo ake. Ali pakati poimba apita n'kumupsompsona Wendy patsaya. Kupepesa mukukufuna kuja ndi kumeneko. Munthu amene sanamverepo wina aliyense wamvera.

Nachisale wa ku Leeds:
Aphunzitsi mwafotokoza bwino, ndipo za bokosi zija ine zinandigwira. Koma mwandithandiza kunena chomwe chimandiwawa. Wapepesa kwa Wendy ndi Lisa, inde. Wakhululukira bambo ake, inde. Onsewo ndi anthu a nyimbo, ndipo wawalipira ndi nyimbo. Koma amene anamenyedwa ndi Apollonia. Ndipo kumbukirani pomwe mbamayo inagwera. Mtsikana wapinyolitsa chibangiri chake cha m'mwendo, wagula gitala loyera lija mnyamatayo ankalisirira pawindo la sitolo, wabwera nalo kunyumba. Mnyamata wasangalala. Mtsikana angonena kuti walowa gulu la Morris, chifukwa naye anabwera mumzindamo kudzafuna mwayi woimba, pompo mbama mpaka kugwa. Ndiye gitala limene akulizira Purple Rain kumapetoko, anthu n'kumalira, ndi lomwe lija la chibangiri. Walisunga, akuliza, watchuka nalo. Mwini chibangiri sanamve ngakhale liwu limodzi loti ndinalakwa. Ine ndagwira ntchito yosamalira anthu zaka zambiri kuno, ndipo amayi amene ndawamvapo nkhani zawo amanena zofanana: bambo akalakwa sapepesa, amangobwera ndi kanthu kokoma, aliyense n'kuyembekezera kuti mayi amwetulire.

Mnyamata wa ku Joni:
Komanso za kunyanja zija anti kkkk. Kumuuza mtsikana kuti akadziyeretse m'madzi a Lake Minnetonka, iye n'kuvula n'kudumphira, kenako n'kumuuza kuti si nyanja yake imeneyo. Ndiye n'kumamuthawitsira njinga yamoto akufuna kukwera.

Madala a ku Zomba:
Ndipo ankajambula kumapeto kwa chaka cha 1983, November kupita December, nthawi yomwe ku Minnesota madzi amayamba kuundana. Mwana wamkazi uja anavutika zenizeni, sikunali kusewera. Ife m'kanyumba ka vidiyo pamenepo mpomwe tinkaimba mluzu. Lero ndikaonera ndi adzukulu ndimayang'ana kumbali.

Gitala wa ku Chilomoni:
Pali china choseketsa pa mfundo ya aphunzitsi. M'filimu akuti Purple Rain analemba ndi Wendy ndi Lisa. Pachimbale wolemba ndi Prince. Iye ndi amene anabwera nayo, poyamba ikumveka ngati nyimbo ya country, moti anamutumizira Stevie Nicks, woimba wa bandi ya Fleetwood Mac, kuti alembe mawu, mayiyo n'kubweza kuti yamukulira. Lisa anafotokozapo kuti pa mapulakatisi Wendy ndi amene anayamba kugwira makodi aja mwa njira yake yotambasuka, Prince n'kuimva nyimboyo mwatsopano. Ndiye dzanja la atsikanawo lilimo, koma dzina mulibe. Pomwe maina awo analembedwa ndi pa Computer Blue, limodzi ndi la bambo ake enieni a Prince, John L. Nelson, chifukwa kachigawo ka pakati ka nyimboyo n'kawo, ndipo ndi komwe kaja bambo a m'filimu akuimba pa piyano.

Za mpikisano wa The Time nazonso muzimve bwino. Bandi imeneyo anaipanga ndi Prince yemweyo mu 1981. Morris Day anali mnzake wa paunyamata, woimba ng'oma. Pa zimbale zoyamba za The Time zida zambiri ankaliza ndi Prince, n'kudzibisa pa dzina loti Jamie Starr. Ndiye m'filimumo akulimbana ndi bandi yomwe mwini wake ndi iye. Koma mkangano unalipo ndithu, chifukwa pasiteji anyamata aja nthawi zina ankamuphimba. Mu 1983 Jimmy Jam ndi Terry Lewis a m'bandi ya The Time anatsekeredwa ndi chipale ku Atlanta komwe anapita kukajambulitsa gulu lina, n'kuphonya shoo, Prince n'kuwachotsa. N'chifukwa chake m'filimumo mulibe. Patangopita zaka zitatu anapanga chimbale cha Control cha Janet Jackson.

Wa ku Chipata:
Ndiye kuti phunziro la m'filimu mwini wakeyo silinamulowe? Chifukwa The Revolution, bandi ya Prince ija, nayo inatha mu 1986.

Gitala wa ku Chilomoni:
Inatha, atangomaliza ulendo wa chimbale cha Parade. Wendy ndi Lisa anapitiriza awiri, kenako analowa zopeka nyimbo za masewero a pa TV, mpaka anapata Emmy mu 2010 ndi nyimbo yotsegulira Nurse Jackie. Koma tisamuweruze ndi mbali imodzi. Chimbale cha Purple Rain ndi choyamba chomwe analemba pachikuto kuti Prince and the Revolution. Kwa munthu amene chimbale chake choyamba analiza yekha chida chilichonse, kumeneko kunali kugonja kwakukulu.

Mphunzitsi wa ku Kasungu:
Mwina tithandizane kudziwa mmene filimuyi inabadwira, chifukwa zofooka zake zikuchokera pamenepo. Prince ndi amene anaumiriza mamanijala ake kuti akafuna apitirize kugwira naye ntchito amupezere filimu. Woyamba kulemba nkhaniyo anali William Blinn. Kenako inapita kwa Albert Magnoli, amene anailembanso n'kuitsogolera, ndipo inali filimu yake yoyamba yaitali. Mwa onse akuluakulu a m'nkhanimo, odziwa zisudzo kwambiri anali awiri, bambo ndi mayi aja. Apollonia anali atasewerako pang'ono pa TV, koma enawo anali oimba ongophunzitsidwa mwachangu, ambiri akusewera ndi maina awo enieni. Ndalama zake zinali pafupifupi madola 7 miliyoni, ndipo inabweretsa pafupifupi 70 miliyoni. Ndiye musadabwe kuti Clarence Williams III akalowa, filimu imasintha kulemera. Ena aja akuloweza mizere, iye akusewera.

Komanso anthu ambiri amaitenga ngati mbiri ya moyo wa Prince. Ili ndi zoona zina: anabadwira ku Minneapolis mu 1958, bambo ake analidi woimba piyano ya jazi, makolo ake anasiyana ali mwana, ndipo anachoka pakhomo ali wachinyamata n'kukakhala kwa mnzake. Koma bambo ake sanadziwombere. Ndipo mayi ake enieni, Mattie Shaw, anali munthu wakuda, pomwe m'filimu anaika Olga Karlatos, wa ku Greece. Chifukwa cha zimenezo anthu ambiri mpaka lero amakhulupirira kuti mayi ake anali mzungu.

Nangozo:
Mayi ameneyo ndi amene ine amandimvetsa chisoni kuposa onse. Filimu yonse ntchito yake ndi kulira, kumenyedwa, kukhala m'mbali mwa msewu usiku, kenako kugona mutu uli pabedi la kuchipatala pafupi ndi mwamuna yemwe ankamumenya. Mwamunayo anamupatsa piyano, bokosi la nyimbo, mbiri yoti anali ndi luso dziko silinamumvetse. Mayi anamupatsa chiyani? Sitikudziwa zomwe ankafuna pamoyo wake kupatula kuti ankadandaula kuti samuloleza kusangalala. Ndipo nyimbo yomaliza mwana akuipereka kwa bambo. Kwa mayi amene mwanayo ankamuteteza ayi.

Madala a ku Zomba:
Ana anga, ndikumva zonse, ndipo sindikutsutsa. Koma ndiloleni ndiikire kumbuyo pang'ono, osati mbamayo, koma filimuyo. M'masiku amenewo ngwazi ya m'filimu, makamaka woimba wotchuka amene waika nkhope yake ndi ndalama zake, inkaonetsedwa yoyera mbee. Onerani mafilimu ambiri a Elvis a zaka za m'ma 1960, mnyamata wabwino, nyimbo, atsikana, kumwetulira. Prince akanatha kuchita chimodzimodzi, palibe akanamuletsa. M'malo mwake anavomera kuti dziko lonse limuone akumenya mkazi, n'kuona nkhope yake itangotha mbamayo, akuzindikira kuti dzanja limenelo ndi la bambo ake. Ine ndinakulira pakhomo pomwe zotere zinkachitika, ndipo panalibe amene ankazitchula. Zinali za m'banja. Kanema woyamba amene anandionetsa kuti mwana woonerera amadzatengera, anali ameneyu. Sanamalize bwino nkhaniyo, zoona. Koma anaiyamba, ndipo kwa mnyamata wa m'benchi muja sichinali chinthu chaching'ono.

Nachisale wa ku Leeds:
Madala, zimenezo ndazilandira ndi manja awiri, ndipo zikomo potiuza za kwanu. Mwina kusiyana kwathu n'kwakuti inu munaionera muli mnyamata amene akuopa kudzakhala bambo ake, ine ndaionera ndili mayi wa ana aakazi. Inu munaona chenjezo. Ine ndikuopa mtsikana amene aone kuti mwamuna waluso ukamupirira mokwanira, tsiku lina adzakuimbira nyimbo. Zonse ziwiri zili m'filimu yomweyo, ndipo sindikukhulupirira kuti amene anaipanga ankadziwa kuti yachiwiriyo ilimo.

Mphunzitsi wa ku Kasungu:
Apo pokha ndikugwirizana nanu, mayi, kuti sankadziwa. Umboni wake ndi Darling Nikki. The Kid akuimba nyimbo imeneyo dala kuti amuchititse manyazi Apollonia pagulu, mtsikana atuluka akulira, mwini kalabu amukalipira. Nkhani ikuti wachita zoipa. Koma kamera ikumujambula ngati mfumu, ndipo ndi imodzi mwa mbali zomwe anthu amazikonda kwambiri. Filimu ikudzudzula ndi pakamwa, maso akusirira.

Wa ku Chipata:
Si nyimbo yomweyo inabweretsa timapepala tija ta Parental Advisory timaona pa zimbale?

Gitala wa ku Chilomoni:
Yomweyo. Tipper Gore, mkazi wa Al Gore amene nthawiyo anali senata, anagulira mwana wake wamkazi wa zaka 11 chimbalecho, n'kumva mawu a nyimboyo ali limodzi. Mu 1985 iye ndi amayi ena a ku Washington anayambitsa bungwe la makolo lotchedwa PMRC, n'kutulutsa mndandanda wa nyimbo 15 zomwe ankati n'zonyansa, Darling Nikki ili pamwamba. Nkhani inafika mpaka ku Senate, komwe oimba Frank Zappa, John Denver ndi Dee Snider anakatsutsa. Mapeto ake makampani anavomera kumata chenjezo. Chodabwitsa n'chakuti Prince mwiniyo atalowa Mboni za Yehova kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anasiya kuimba nyimbo zotukwana, imeneyi ili m'gulu. Zomwe amayi a ku Washington analephera, anadzichita yekha.

Mnyamata wa ku Joni:
Achimwene a Gitala, funso la ine ndi lina. Ndimayesa kusakaniza When Doves Cry ndi amapiano koma imamveka yopanda pansi. Ndi kope yanga yoipa kapena?

Gitala wa ku Chilomoni:
Kope yako ili bwino aise, nyimboyo ilibe bezi. Anailiza bezi, kenako pomaliza anaichotsa. Nyimbo yovina, ya munthu wakuda, mu 1984, yopanda bezi, anthu ankati wapenga. Chimene chikugwira pansi ndi makina a ng'oma a Linn LM-1 basi, ndi mawu ake omwe anawaunjika kangapo. Zida zonse analiza yekha, bandi mulibe. Ndipo inalembedwa mochedwa, Magnoli atapempha nyimbo yoti iperekeze pomwe The Kid akuyendayenda pa njinga mutu uli pa makolo ake ndi chibwenzi. Inakhala nambala wani ku America masabata 5, n'kutsekereza Dancing in the Dark ya Bruce Springsteen pa nambala 2. Let's Go Crazy nayo inafika pamwamba. Purple Rain yeniyeniyo inaima pa 2, anaitchinga a bandi ya Wham. Chimbale chinakhala pamwamba masabata 24, ndipo mu 1985 anatenga Oscar ya nyimbo za m'filimu. Ndiye ukafuna kuisakaniza, log drum yako ndi imene ikhale bezi, malo anakusiyira kale.

Mnyamata wa ku Joni:
Eee ndiye mwandipatsa ntchito ya weekend.

Nangozo:
Oscar ya nyimbo, osati ya nkhani, muone bwino kkkk. Pomwe Apollonia Kotero anamuika pa mndandanda wa ma Razzie, mphotho zonyoza zija, ngati wosewera watsopano woipitsitsa. Ine ndimaona kuti anamulakwira. Mbali imeneyo inalembedwera Vanity, woimba wamkulu wa gulu la atsikana la Vanity 6, amene anachoka kutatsala pang'ono kuti ayambe kujambula, ndipo Apollonia anangobwera kudzavala nsapato za wina. Gulu la Vanity 6 analisintha dzina kukhala Apollonia 6, nyimbo yomweyo, zovala zamkati zomwezo pasiteji. Mkazi mmodzi watuluka, alowetsapo wina, nambala osasintha. Ndiye mukufuna asewere bwanji munthu amene olemba ake sanamuganizire?

Madala a ku Zomba:
Vanity uja anadzasiya zonsezo n'kukhala mlaliki, n'kubwerera ku dzina lake la Denise Matthews. Anamwalira mu February 2016 ali ndi zaka 57. Prince anamutsatira pa 21 April chaka chomwecho, kunyumba ndi situdiyo yake ya Paisley Park, nayenso ali ndi zaka 57, chifukwa cha mankhwala opha ululu a fentanyl. Ndinamva pa wailesi ndili m'minibasi, kondakitala anandifunsa ngati ndataya m'bale.

Wa ku Chipata:
Nanga Graffiti Bridge ya 1990, akuti ndi yopitiriza nkhaniyi. Ndiifunefune?

Mphunzitsi wa ku Kasungu:
Sungani bandulo yanu, achimwene. Anaitsogolera yekha, ndipo palibe amene anatsala womuuza kuti apa ayi. The Kid ndi Morris akulimbirana kalabu, pabwera mtsikana wonga mngelo wolemba ndakatulo, pafupifupi zonse anajambulira m'nyumba ku Paisley Park moti msewu umaoneka kuti ndi wa makatoni. Apollonia mulibemo, Wendy ndi Lisa mulibemo. Purple Rain inapulumuka chifukwa First Avenue ndi malo enieni, kale inali depoti ya mabasi a Greyhound, ndipo anthu a m'gulumo ndi a mumzinda womwewo, thukuta lenileni. Mu 2019 laibulale ya boma la America, Library of Congress, inaiika m'kaundula wa mafilimu oyenera kusungidwa. Graffiti Bridge palibe anaiitana. Chimbale chake chokha ndiye mverani, muli Thieves in the Temple.

Gitala wa ku Chilomoni:
Mukafuna yopitiriza yeniyeni, pitani ku Niger. Mu 2015 kunatuluka filimu ya Chituwaregi yojambulidwa ku Agadez, yotsogoleredwa ndi Christopher Kirkley, yomwe inatenga mafupa a Purple Rain n'kuwaveka za kumeneko. Wosewera wamkulu ndi Mdou Moctar, woliza gitala ndi dzanja lamanzere, ali pa njinga yamoto ya pepo, mkanjo ndi nduwira, akudutsa mumchenga. Mpikisano wa oimba ulimo, bambo ovuta alimo, koma vuto la bambowo ndi la chipembedzo, sakufuna gitala pakhomo pawo. Ndipo nyimbo zikuyenda pa mafoni, kupatsirana pa memori khadi, mpaka wina kuba nyimbo ya mnzake asanaitulutse. Zimenezo oimba a kuno tikuzidziwa bwino.

Nangozo:
Mulinso bini ya zinyalala?

Gitala wa ku Chilomoni:
Mulibe, chemwali. Ngakhale kupsompsonana mulibe, anthu a kumeneko sakanalola.

Madala a ku Zomba:
Imeneyo ndiye sindinaionepo. Iwe wa ku Joni, ukaipeza unditumizire pa WhatsApp, koma uidule m'zidutswa zing'onozing'ono, foni yanga ikalandira chinthu chachikulu imazima yokha.